Kawaya kamene kanatsala m'thumba

Linali Lachiwiri loyamba la Okutobala, teni koloko m'mawa, m'zaka za Chitaganya, Mutare akutchedwabe Umtali. Tinapita atatu kufakitale ina yocheka matabwa kukasintha mita ya magetsi: kapitawo wathu wachizungu, malume anga, ndi ine.

Malumewa ndi amene ananditenga ku Dedza nditamaliza sukulu, n'kundisunga kwawo ku Sakubva. Anagwira za mawaya kunjanji zaka zambiri. Ntchito itawathera kumeneko, ine ndinawapemphera malo kukampani yathu ya magetsi, ndipo tsikuli anali atagwira nafe sabata ziwiri zokha. Lamulo lawo linali limodzi: mawaya awiri amoyo asakhudzane.

Pamita ya fakitale lamulo limeneli siligwira. Magetsi oyendetsa macheka ndi ochuluka, mita singawasenze. Choncho chingwe chachikulu chimadutsa m'mphete yachitsulo yokulungidwa ndi waya wamng'ono, imene tinkaitcha siti. Magetsi akamayenda m'chingwe, m'waya wamng'onoyo mumayendanso ochepa, ndipo akachuluka uku amachulukanso uko. Ochepawo ndi amene mita imawerenga. Koma amafuna poyenda nthawi zonse. Ukachotsa mita makina akulira, nsonga ziwiri za wayayo n'kutsala padera, mphamvu imakwera pansongapo mpaka kupha munthu. N'chifukwa chake usanamasule chilichonse umayamba walumikiza nsongazo ndi kawaya kakafupi. Ine ndinkadziwa zimenezi. Malume palibe anali atawauza.

Mwini fakitale anakana kuzimitsa makina. Kapitawo anati tisinthe choncho monga tinkachitira kwina, n'kulowa muofesi kukamwa tiyi.

Inali nthawi yoti gulu lina la antchito apafakitale lipume, ndiye anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi anabwera kudzationerera. Atatu anali akwathu, opemphera mumpingo umene malume anali mkulu. Anawapatsa moni atavula zipewa. Malume anatenga sipanala m'manja mwanga n'kundiuza kuti ndinyamule mita yatsopano.

"Malume, mwina tiyambe talumikiza apo," ndinatero chapansipansi.

"Kulumikiza mawaya amoyo? Iwe, ine ndinayamba kugwira magetsi mlongo wanga asanakuletse kuyamwa."

Anthu aja anaseka. Mmodzi anati sukulu yamasiku ano ikungotiwonongera ana. Nanenso ndinaseka pang'ono.

Kawaya kolumikizira kanali m'thumba la ovolosi yanga. Kwathu mphwa satsutsa malume ake anthu akuona, ndipo awa anali malume amene anandidyetsa zaka zinayi. Ndinaganiza zodikira kuti anthuwo abwerere kumacheka, ndiwafotokozere tili awiri. Panali manati awiri pansonga iliyonse. Ndinati nthawi ilipo.

Nati yachiwiri inali yosamanga. Waya anachoka atangomasula yoyamba, malume atamugwira ndi zala.

Kunamveka kuthetheka, kenako fungo. Sanakuwe. Munthu wina Mshona anawakankha ndi thabwa, malume n'kugwera pautuchi. Ine ndinali nditanyamulabe mita ija ndi manja awiri, ndipo sindikumbukira kuti ndinaitula pati. Apo m'pamene makina anazimitsidwa.

Tinawakweza palole ya matabwa. Anamwalira tisanafike pageti la chipatala.

Madzulo ake kapitawo anandifunsa ngati malume ndinawauza za kulumikiza. Ndinati ndinawauza. Analemba zimenezo papepala, ine n'kusaina. Silinali bodza, ndipo pepalalo linati wolakwa anali womwalirayo. Akazi awo sanandifunse chilichonse cha magetsi. Anangofuna kudziwa ngati ndinali pafupi nawo. Ndinati ndinali pafupi.

Zaka zotsatira ndinaphunzitsa anthu ambiri ntchito ya masiti, ena akulu kuposa ine. Ankati ndine wamwano chifukwa ndinkawalanda sipanala osapempha. Sindinawafotokozerepo.

M'mawa wotsatira tsiku la ngoziyo ndinapita kupositi ofesi isanatsegulidwe. Ndinatumiza telegalamu kwa mayi, mawu anayi okha. Kenako ndinayenda wapansi mpaka kufakitale, poti kapitawo anati mita iyenera kulowa tsiku lomwelo, ndipo wina woidziwa ntchitoyo panalibe. Utuchi anali atasesa. Ovolosi inali yomweyo ya dzulo. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa kawaya kaja, ndinalumikiza nsonga ziwirizo ngakhale makina anali ozimitsa, ndipo ndinamanga mita. Nditamaliza ndinapita kukafunsa za bokosi la maliro.