Tinagona maliro popanda moto

Lachinayi lapitali aMbewe, mnzanga amene amasamala maluwa panyumba ina ku Edenvale kuno ku Joni, anandiimbira foni ndili pantchito ku Spartan. Bambo awo anali atamwalira ku Ntcheu. Kupita sakanatha. Mapepala awo anatha kalekale, akangowoloka malire ndiye kuti Joni atsanzikana naye, pomwe ana atatu kumudzi akuyang'ana dzanja lawo.

"Achimwene, ndilirira konkuno," anatero. "Koma ine ndigone pabedi bambo anga ali pamphasa? Ndikufuna ndigone panja."

Mwambo wathu mukuudziwa. Amayi m'nyumba ndi maliro, amuna panja mozungulira chitsa choyaka mpaka kucha. Koma kuno panja pake ndi pati? Kachipinda ka aMbewe kali kuseri kwa nyumba ya abwana, kumene ngakhale kutsokomola umayamba wayang'ana uku ndi uku.

Tinagwirizana amuna asanu a kumpingo, tinabwereka galimoto, ulendo wa kumapiri kupitirira Germiston, kumene anthu a ndalama amakagona m'matenti mwa kufuna kwawo. Nkhuni tinanyamula zoti n'kuwotchera uvuni wa njerwa.

Pachipata mlonda anasuzumira m'galimoto n'kupukusa mutu.

"Hayi, madala, moto ayi," anatero m'Chizulu chothandizidwa ndi manja. "Udzu wauma, mphepo ndi iyi. Kasitovu ka gasi kokha."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Maliro opanda moto anayamba achitikira kuti? Koma munthuyo sanalakwe. Tonse taonapo mmene moto wolusa umathamangira kuno mu Julaye, kunyambita udzu ndi zisakasa za anthu zomwe. Nkhuni zathu zinatsala pachipata.

Dzuwa litangolowa, chisanu chinayamba ntchito yake. Ife tinabwera ndi zofunda pamwamba zokha, poti kwathu pansi amatenthetsa ndi moto. Anatipulumutsa ndi aTembo a ku Chipata, amene amalondera nyumba yosungira katundu komwe mbaula ndi mlandu.

"Imwe anthu, mphepo imaluma kuchokera pansi," anatero. "Tsitsani makatoni ali m'galimotomo."

Tinayala makatoni atatuatatu. Madzi otenthetsa pa kasitovu ka gasi tinathira m'mabotolo, kukulunga m'masokosi, aliyense n'kufungatira lake. Amene mapazi anachita thukuta anasintha masokosi, zipewa mpaka m'makutu, tiyi wa shuga wambiri ndi buledi. Kenako aTembo anatikhazika misana yogundana, aMbewe pakati.

Tinaimba nyimbo ziwiri mano akuombana, kenako zii. Pamoto amuna amakhala ndi pothawira: wina asonkheza, wina ayambitsa za mpira, wamasiye n'kumangoyang'ana makala. Apa panalibe choyang'ana. Ndinamva msana wa aMbewe ukunjenjemera pa wanga, ndinawawonjezera bulangeti. Sikunali kuzizira. Munthu amene tsiku lonse anali wouma m'maso analira ngati mwana, ndipo palibe anamuletsa.

Tilipo angati kuno amene tinaika makolo athu pafoni? Timatumiza ya bokosi, amatitumizira zithunzi za nkhata, m'mawa mwake tili pamzere wa minibasi. Mayi anga atamwalira ine ndinali kukweza makatoni m'lole, ndipo sindinauze munthu mpaka Lamlungu. Ndimasowa fungo la utsi lija limene limakanirira mujekete sabata yathunthu, loti aliyense wokumana nawe amadziwa komwe wagona ndipo amakupatsa moni motsitsa mawu. Kuno umaferedwa koma zovala zikununkhira sopo.

Kutacha mabulangeti anali mbuu ndi chisanu. Mlongo wa aMbewe anaimba kunena kuti adzukulu ayamba kukumba.

"Nanga chitsa cha moto anakadula ndani?" anafunsa aMbewe.

"Ana a aneba, achimwene. Chayaka usiku wonse."

"Muwathokoze," anatero aMbewe, n'kuyamba kupinda makatoni, poti madzulo ake maluwa a abwana ankafuna madzi.

Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Ife kuno timakumana pa mpira ndi pa maukwati, manambala a anzathu ali tho m'mafoni. Koma inu amene makolo anu akukalamba kumudzi, tsiku limene foni yanu idzalire, ndani adzakupatseni msana wake kuti mutsamire?