Abambo Sanamusemphe Tadala

Lachinayi lapitali sindinapite kusukulu. Ndinaperekeza makolo anga kuchipatala chachikulu m'tauni kuti ndikawamasulire Chingerezi, pakuti zotsatira za magazi a mng'ono wanga Tadala zinali zitatuluka.

Tadala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma anachedwa kuyenda ndipo mawu ake ndi ochepa. Anabadwira ku Ntcheu Abambo ali kuno ku Joni. Abambowo atapita kukamuona, azakhali anagamula kuti, "Achimwene, mwanayu mwamusempha." Inu akwathu mukudziwa tanthauzo lake: bambo sanadzisunge kumene anali, ndiye matenda agwera mwana.

Kuyambira pamenepo Abambo sanamunyamulenso. Nsapato amamugulira, koma kumukhudza ayi.

Zimandiwawa chifukwa ine Mwayi ndinawadziwa Abambo ena. Kumudzi ankandikweza pakhosi popita kudimba, nditagwira makutu awo ngati mahandulo a njinga. Ndikakoka lakumanzere, ankakhotera kumanzere uku akulira ngati belu. Fungo la masamba a tomato m'chipewa chawo ndimalimvabe mpaka lero.

Dokotala, mayi wodekha, anajambula chingwe chokulungidwa pa timibulu. Anati malangizo omangira thupi, aja timawatcha DNA, amakulungidwa pa timapuloteni totchedwa histoni. Ndiye pali maenzaimu, antchito ang'onoang'ono amene amaika kapena kuchotsa tizizindikiro pa timapuloteniti kuti chingwe chimasuke kapena chimangike. Pomwe chamangika kwambiri, malangizo sawerengeka. Mwa Tadala mmodzi wa antchitowa ndi wofooka, n'chifukwa chake ubongo wake unakula mosiyana.

Eish, zimenezi ndimasulire bwanji? Ndinakumbukira kuti Abambo amasamala maluwa ku Waterkloof.

"Zili ngati paipi yothirira yokulungidwa, Abambo. Woimasula akafooka, madzi safika kumaluwa akutali."

"Nanga anamufoola ndani?" anafunsa maso ali pansi.

Dokotala anati magazi a Abambo ndi a Amayi alibe vutoli. Linangochitika lokha Tadala akuyamba kuumbika m'mimba. Palibe chimene kholo linalakwa.

"Ufunse bwinobwino iwe, usandikometsere," anatero Abambo.

"Bambo a Mwayi, mwana wanena Chichewa chomveka," Amayi anawadula. "Mukufuna abwereze m'Chizulu?"

Ine ndine mwana, mwambo sindikuunyoza. Koma ndi mabanja angati kuno ku Nellmapius ndi kumudzi amene akusenza mlandu wogamulidwa popanda kufunsa? Akuluakulu omwewo ndiwo anati safunsa anadya phula. Mankhwala ochiziratu palibe, dokotala sanatinamize. Koma kuphunzitsa mwana kulankhula kulipo, ndipo kumafuna manja a makolo onse awiri.

Pobwerera, takisi inadzaza. Amayi akuvutika ndi zikwama, Abambo anatambasulira Tadala manja.

"Bwera kuno, mayi wanga."

Tadala anawayang'ana ngati mlendo, n'kubisa nkhope pachifuwa cha Amayi. Manja aja anatsala m'malere kwa kanthawi ndithu.

Tadala adzawazolowera, ndikukhulupirira. Koma inu amene mumagamula milandu ya ana odwala ndi pakamwa pokha, zaka zimene mwana sanakhale pamiyendo ya bambo ake mudzam'bwezera liti?