Chikwangwani cha Kucheza

Ndikukumbukira fungo la nkhalango ija mvula ikangokata: dothi lofiira lonyowa, masamba owola, ndi kafungo ka bulugamu kolowa mpaka kukhosi. Inali nkhalango ya boma, pafupi ndi ku Parklands kumene tinkakhala m'nyumba yosanja bambo atapeza ntchito ku Nairobi. Ine ndinali mtsikana wa kupulayimale wamanyazi kwambiri, uja woti aphunzitsi akamuloza amayamba kuyang'ana nsapato zake. Zimene ndinkalephera kunena masana ndinkazilemba m'kabuku kanga, makamaka mawu a Chiswahili. Chinenerocho chinkandichititsa chidwi. Chinkamveka ngati chathu, koma ukati uchigwire chinkakupulumuka.

Amayi ndiwo sanazolowere. Kwathu ku Zomba khonde lathu silinkasowa munthu, koma kuno aliyense ankangolowa m'nyumba mwake n'kukhoma chitseko. Tsiku lina ndinawamva akuuza bambo kuti, "Ine kuno ndikufota. Pakamwa mpaka kununkha chifukwa chosowa wolankhula naye. Zikapitirira chonchi ndibwerera kwathu, mwanayu mutsala naye." Mawu amenewo sanandichoke mumtima.

Kenako kutchalitchi anapezana ndi mayi wina wa ku Malawi, anaJere, amene ankakhala ku Buruburu. Nawonso anali achilendo, Chiswahili chawo chinali chongofunsira mitengo pamsika ndi kukwerera matatu, maminibasi a kuno. Anagwirizana zokumana Loweruka kunkhalango. Amayi analawirira kukazinga mandasi, nathira tiyi m'fulasiki, akuimba chapansipansi. Ine ndinapatsidwa dengu.

Masiku amenewo oyang'anira nkhalangoyo ankaikonza kuti anthu azifikako chaka chonse, osati chilimwe chokha. Ankalambula tinjira tatsopano, kuthira timiyala pamalo a matope, ndi kukhoma zikwangwani. Bambo ankati kumaiko ozizira nkhalango za boma amazichita chimodzimodzi: nyengo yachisanu anthu amatsetsereka pa chipale chofewa, dzuwa likabwera njira zomwezo n'kusanduka za njinga. Ine ndinkadzifunsa kuti kodi mitengo ndi anyani amafunsidwa maganizo awo?

Titayenda pang'ono tinafika pabwalo lolambulidwa kumene, lokhala ndi timitumbira ta dothi tosalala bwino. Pamtengo panali chikwangwani chopaka utoto wobiriwira: ENEO LA KUCHEZA.

"Mwaona anaJere?" anatero amayi. "Anthu anzeru awa. Mpaka kutikonzera malo ochezera!"

"Ndi potsamira pomwe," anayankha anaJere akusisita kamtumbira.

Anayala zitenje pakati penipeni, navula nsapato, natambasula miyendo. Kusukulu ndinali nditaphunzira kuti kuno kucheza ndi kusewera, kuthamanga ndi kudumpha, osati kukhala pansi n'kumakamba nkhani. Koma mwana sawongola mayi ake pamaso pa mlendo. Komanso amayi anali akuseka, kuseka kwenikweni koonetsa mano a m'mbali, kumene ndinali ndisanakumve chichokere ku Zomba. Ndinaganizanso kuti mwina m'nkhalango mawu amabwerera ku tanthauzo lake lakwathu. Ndinkafuna nditaona.

Tiyi ali pakati, tinamva mabelu. Kuchokera m'mitengo munatuluka gulu la ana a panjinga, atavala zipewa zolimba, akukuwa m'Chiswahili kuti tipatuke: "Pisha! Pisha!" Woyamba anadumpha kamtumbira kamene anaJere anatsamira, wachiwiri anakhota n'kugunda fulasiki. Mandasi anagubuduzika m'dothi lofiira, ndipo nyani amene ankatiyang'ana ali mumtengo anatsika n'kunyamula imodzi mwaulemu wake.

"Ana a yani opanda mwambowa?" anakalipa anaJere atagwira duku.

Kunabwera mlonda wa nkhalango, mayi wamtali wovala yunifolomu yobiriwira, n'kuyamba kufotokoza m'Chiswahili chothamanga. Amayi analoza chikwangwani. "Kucheza! Nanga si tikucheza apa?"

"Ndiyo, mama, kucheza!" anavomera mlondayo, manja ake akupalasa njinga m'malere.

Aliyense ankabwereza liwu lomwelo, aliyense akudabwa kuti mnzake sakumva. Makolo a ana aja anali ataima chapatali akutiyang'ana. Nkhope ya amayi inagwa. AnaJere anayamba kupinda chitenje. "Tiyeni tizipita, mayi. Matatu a ku Buruburu amavuta madzulo."

Ndinaona kuti anaJere akapita chonchi sadzabweranso, ndipo amayi adzalongedza sutikesi. Ndinaimirira n'kulankhula.

"Amayi, pepani. Kuno kucheza ndi kusewera." Ndinatembenukira kwa mlonda uja, maso ali pansi. "Kwetu kucheza ni kuongea," ndinatero, kutanthauza kuti kwathu kucheza ndi kulankhulana.

Kenako anaJere anaphulika kuseka mpaka kukhalanso pansi. "Ndiye kuti ntchembere ziwiri tavala zitenje zatsopano kubwera kudzasewera? Mayi, njinga yanu mwaisiya kuti?"

Amayi anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Mlonda uja naye anaseka mpaka kupukuta misozi. Anatitsogolera kuseri kwa nsungwi, pamene panali mtengo waukulu wakugwa m'mbali mwa kamtsinje. Analandira ndasi imodzi yopulumuka, ndipo akudya anandiuza kuti ndiwamasulire amayi: okonza nkhalango anaganizira othamanga, a njinga ndi oona mbalame, koma palibe anakumbukira anthu obwera kudzangokhala. Tinachoka dzuwa litapendeka. Loweruka lotsatira anaJere anabwera ndi anzawo, ndipo za kubwerera ku Zomba sindinazimvenso.

Lero nkhalango ija ili ndi njira zambiri, iliyonse ndi mtundu wake wa utoto, ndipo anthu amathamangamo ngakhale mvula ikugwa. Mtengo wakugwa uja unawola kalekale, koma pamalopo anaikapo mabenchi. Sindidziwa ngati ndi mlonda uja anakawanenera. Amayi anakalambira ku Nairobi konkuno mpaka bambo atapuma pantchito. Mwana wanga wamkazi anabadwira kuno, ndipo Loweruka ndikamuuza kuti tiye tikacheze kunkhalango, amathamangira kukatenga njinga yake. Ine sindimuwongola. Ndimangopinda chitenje, n'kuthira tiyi m'fulasiki.