Mipando Yobwereka ya ku Kawale

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anasankhidwa kupita ku sekondale chaka chachiwiri chilowereni matipate. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kawale, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kufupi ndi chigayo. Tsiku limene ahedi anatiuza nkhaniyi, ndinagwada pakati pa nyumba n'kuthokoza Mulungu mpaka mawondo anachita dzanzi. Nditadzuka ndinakumbukira kuti sukuluyo ndi yogonera konko, yofuna fizi, yunifolomu, bulangeti ndi sutikesi, ndipo ndinagwadanso.

Bambo a kunyumba ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo, koma ntchito imeneyo ili ngati mango, ili ndi nyengo yake. Nyengo inali itatha, ndiye iwo ankatandala pakhonde la golosale ina akusoka nsapato. Ine ndinkagulitsa mandasi pachigayo paja. Sitinkagona ndi njala, ayi, Mulungu sanatitaye, koma sekondale inali phiri lalitali kwa ife.

Patapita masiku, Lolemba lina, ahedi anandiitanitsa. Anati pali bungwe lina lachifundo lomwe limathandiza atsikana a m'mabanja ovutika kuti asalekeze sukulu panjira. Bungwe lomwelo ndi limene linafolera makalasi awiri pasukulupo, ndipo Loweruka linkasonkhanitsa amayi amasiye n'kumawaphunzitsa zoti achite achibale a malemu akabwera kudzalanda katundu. Ahedi anali atapereka mayina awiri: la mwana wanga, ndi la mtsikana wa mnzanga wina amene tonse tinkangowatchula kuti mayi a mapasa.

"Lachinayi kubwera mayi wa kubungweko," anatero ahedi. "Akufuna adzaone mmene mumakhalira. Ayambira kwa inu, kenako kwa anzanuwo."

Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo kwathu mlendo salandiridwa ngati munthu wodzapala moto. Umasesa, umazira, umatulutsa mbale zimene ana sazidziwa n'komwe. Nditafika kunyumba ndinayang'ana pabalaza pathu ndi maso a mlendo. Panali mphasa, mpando umodzi wa ndalema umene unkafuna munthu woudziwa bwino, ndi chidebe chovundikira chimene bambo ankakhalira pomwa tiyi. Mumtima ndinati, munthu wa mu ofesi, wobwera kudzachitira mwana wanga zabwino, ndimukhazike pachidebe? Adzati banja ili ndi losasamala, ngakhale titalithandiza lidzangomwaza.

Khomo loyandikana ndi lathu munkakhala amayi ena a ku Ekwendeni, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo, amene amuna awo anali kalaliki m'boma. M'nyumba mwawo munali mipando ya sofa itatu yobiriwira, katebulo, tinsalu toluka pamanja, wayilesi ya kaseti, makapu a milomo yagolide, ndi wotchi yapakhoma yomwe ola lililonse inkayamba yaimba kanyimbo, kenako n'kugunda belu molingana ndi nthawi. Ndinapita kukawadandaulira.

"Mama, musavutike mtima," anatero. "Mlendo wa pamdadada uno ndi mlendo wa tonse. Tengani zonse. Koma wotchiyo muigwire ngati khanda, inachokera ku Joni."

Mayi a mapasa atamva, anabwera nsalu atamanga m'chiuno. "Ndiye kwa inu mlendo akhale pa sofa, kwa ine akakhale pamtondo? Akaona ngati ine ndi wotani?"

Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, papuloti ina. Podzera kumsewu munthu ankazungulira chigayo chonse, koma pampanda wa udzu panali kampata kamene tinkapatsirana mchere ndi nkhani. Tinagwirizana kuti mlendo akangotuluka kwanga, bambo a kunyumba amuperekeze njira yaitali, ife tiponye katundu yense pakampata paja. Tinaona kuti taganiza ngati anthu ophunzira.

Lachinayi m'mawa nyumba yanga inasanduka ya anthu ena. Mphasa, ndalema ndi chidebe tinazibisa kuchipinda. Mwana wanga ankayala tinsalu pamitu ya mipando nkhope itakwinyika, koma ine ndinkati ndi mantha a mlendo. Bambo anabwereka jekete kwa mwini golosale. Atakhala pa sofa anamira mpaka mawondo anafika pachibwano, ndipo anati mipando ya anthu olemera ilibe ulemu.

Mlendo anafika cham'ma teni koloko. Anali mayi wa msinkhu wanga, wovala chitenje wamba ndi nsapato zafumbi, atanyamula chikwama ndi kope. Galimoto anaisiya kumsika. Ndinamulandira ndi manja awiri, ndinamukhazika pampando wapakati, ndinapemphera, kenako ndinabweretsa tiyi wamkaka m'makapu agolide aja ndi buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri.

Anamwa pang'ono, maso akuyenda. Anayang'ana wayilesi, anayang'ana katebulo, anatulutsa bolopeni yofiira n'kuyamba kulemba.

"Abambo mumagwira kuti?"

"Ku Kanengo," anayankha bambo, atapingasa miyendo, n'kulekeza pomwepo ngati kuti Kanengo yenseyo ndi wawo.

Mlendo analemba. "Nanga katunduyu, amayi, ndi wanu yense?"

Ine ndine mayi wa pemphero, bodza limandiwawa pakhosi. Koma kunena kuti tabwereka kunandiwawanso. Ndinati, "Zonse ndi chisomo cha Mulungu." Silinali bodza limenelo, koma linavala chitenje cha bodza, ndipo ndinadziwa.

Nthawi yomweyo wotchi ya ku Joni inayamba kanyimbo kake n'kugunda kakhumi ndi kamodzi. Mlendo anadikira mpaka ithe, n'kulembanso mzere wina wautali. Anafunsa mwana wanga zimene amafuna kudzakhala. Mwanayo anati namwino. Mlendo anamwetulira, koma kumwetulira kwake kunali kwa munthu amene akutsanzika pamaliro.

"Mwanayu ndi wanzeru," anatero. "Kungoti malo tili nawo ochepa, ndipo timayambira kumabanja amene alibiretu pogwira. Mudzamva kwa ahedi."

Poika makapu pambali, bolopeni yake ija inasowa. Tinayang'ana pansi, pansi pa katebulo, m'chikwama, osaipeza. Anati zilibe kanthu, ali ndi ina. Bambo anadzizula pa sofa movutikira n'kutuluka naye.

Atangopotoloka, tinayamba kunyamula. Ine ndinagwira mpando mbali ina, mwana wanga mbali ina. Tili pakampata paja, udzu ukutikanda m'mikono, mwanayo analankhula osandiyang'ana.

"Amayi, mwandiphera sukulu."

"Iwe, ukuti chiyani?"

"Anthu aja akufuna osauka. Inu mwawaonetsa wayilesi ya kaseti."

Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Nzeru zonse zimene zinandithawa kuyambira Lolemba zinabwerera nthawi imodzi, mpando uli m'manja. Ndinaona kuti ndasesa, ndazira, ndapukuta makapu, ndipo ndi manja anga omwewa ndatseka khomo limene Mulungu anatsegula.

Ndinathamangira kwa mayi a mapasa. "Anzanga, lekani. Tisalowetse katunduyu. Munthu uja akuyesa ndife olemera."

"Mwayamba nsanje tsopano?" anatero akukoka mpando. "Inu mwatchuka kale, ine ndiye ndichite manyazi? Kankhani, nthawi ikutha."

"Ndikunena zoona, mwana wanu ataya mwayi."

"Mwana wanga ataya mwayi mlendo akakhala pamtondo. Bweretsani tinsalu tija."

Mayi a mapasa anali munthu woti akagwira chinthu sasiya, mwina chifukwa cholera ana awiri nthawi imodzi. Mipando inalowa, katebulo kanalowa, wayilesi inalowa. Chinatsala ndi wotchi. Ndinaitenga ndekha, monga ndinalonjezera mwini wake, ndipo ndili pakati pa balaza lawo kufunafuna msomali, tinamva mawu a bambo a kunyumba panja akuodira mokweza ngati akuodira mudzi wonse. Pambuyo pake anandiuza kuti anayesetsa ndithu. Anapereka moni kwa aliyense wa pachigayo, anamuonetsa mlendo mpope wa madzi ndi mbiri yake, koma mayiyo anali woyenda m'makwalala a Kawale kuposa iwo, ndipo anadulira yekha kanjira kachidule.

Khomo linali limodzi. Ndinalowa kuchipinda, kuseri kwa katani, wotchi ndili nayo pachifuwa.

Ndinamva mayi a mapasa akulandira mlendo ndi mawu aulemu amene sindinawamvepo n'kale lonse. Ndinasuzumira pakabowo ka katani. Mlendo anaima kaye, n'kuyang'ana mipando yobiriwira, tinsalu toluka ndi wayilesi. Anakhala pampando wapakati. Pofuna kudzikonza bwino anapisa dzanja m'mbali mwa khushoni, ndipo dzanjalo linatuluka ndi bolopeni yofiira.

Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi," anatero modekha, "kodi ku Kawale kuno mipando amagulitsa ndi mabolopeni omwe?"

Mayi a mapasa anati, "Mulungu ndi wodabwitsa, mayi."

"Ndi wodabwitsadi. Iyi ndaitaya kunyumba ina, ndipo yandipitirira njira."

Ine kuseri kuja ndinkapemphera kuti nthaka itseguke, kapena mlendo achoke, chilichonse chimene Ambuye angaone chapafupi. Ambuye anasankha china. Wotchi ya ku Joni inayamba kanyimbo kake pachifuwa panga. Ndinaikuta ndi nsalu, ndinaipanikiza pamimba, koma inaimba mpaka kumapeto, kenako n'kuyamba kugunda. Inali thwelofu koloko. Sindinadziwe kuti khumi ndi ziwiri ndi nambala yaitali chotero. Pa kugunda kwachitatu mapasa aja, amene anawatsekera kuchipinda komweko kuti asasokoneze, anayamba kuseka. Pa kwachisanu ndi chimodzi ndinaganiza zongokhala momwemo mpaka mlendo atapita. Koma ndinaona nkhope ya mwana wanga pakampata paja, ndipo ndinadzifunsa kuti chachikulu n'chiti, manyazi anga kapena sukulu yake. Wotchi isanamalize ndinatsegula katani n'kutuluka.

"Takulandiraninso," ndinatero, chifukwa palibe china chinabwera pakamwa.

Ndinagwada pansi, wotchi ili pamiyendo, n'kunena zonse. Ndinati mipando si yanga, si ya mnzangayu, ndi ya amayi a ku Ekwendeni. Makapu ndi awo, wayilesi ndi yawo. Jekete ili pathupi pa bambowa ndi ya mwini golosale, ndipo ku Kanengo amanyamula mabelo, koma pano ntchitoyo inatha. Bambo, amene anali pakhomo, anayamba kuvula jeketeyo pang'onopang'ono.

"Sitinafune kukunamizani kuti mutipatse kanthu," ndinatero. "Tinangofuna musakhale pachidebe. Kwathu mlendo timamulemekeza. Ngati pali wolakwa ndine, mwana uja anandiletsa ndi maso ake kuyambira m'mawa. Musamulange chifukwa cha uchitsiru wa mayi ake."

Mlendo anagwira pakamwa. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo ndinkati akulira, koma kunali kuseka. Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi kansalu koluka ka amayi a ku Ekwendeni.

"Ine ndayenda m'nyumba zambiri," anatero atapuma. "Ndinazolowera anthu obisa wayilesi pansi pa bedi akamva kuti tikubwera. Obwereka wayilesi ndakumana nawo lero. Dzukani, amayi. Mipandoyi yayenda mokwanira, isiyeni ipume. Ndiperekezeni kwanu, koma tidzere njira imene inadzera iyo."

Ndi mmene mayi wa ku ofesi anawerama n'kudutsa pakampata kathu ka mchere, udzu ukumukola m'tsitsi. Kunyumba kwanga kunali mbee, kutangotsala msomali pakhoma ndi mizere ya miyendo ya mipando padothi. Mwana wanga anali pakhonde maso atatupa. Ndinatulutsa mphasa ndi ndalema uja, ndipo ndinamuchenjeza mlendo za khalidwe lake. Iye anasankha chidebe. Anang'amba tsamba loyamba lija m'kope mwake n'kuyambanso mafunso, ndi bolopeni yofiira yomweyo. Bambo anafotokoza za nsapato, ine za mandasi. Anaona chipinda chimene tinkagona tonse, ndi katoni imene mwanayo ankasungamo makope ake kuopa makoswe. Atamaliza anabwereranso kwa mayi a mapasa, amene panthawiyo anali atatulutsa okha mipando yonse panja, n'kukhala pamtondo ngati munthu amene sanaonepo sofa chibadwire.

Madzulo ake tinabweza katundu. Amayi a ku Ekwendeni anayang'ana wotchi yawo kutsogolo ndi kumbuyo, anamva nkhani yonse, n'kunena kuti, "Mama, wotchi imeneyi sinanamepo. N'chifukwa chake ndimaikonda."

Tinadikira milungu iwiri, ine ndikusala kudya Lachitatu lililonse. Kenako ahedi anatiitana tonse awiri, ine ndi mayi a mapasa. Atsikana onse awiri anatengedwa. Bungwe lija linawalipirira kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo mayi uja ankapita kusukuluko kukawaona. Mwana wanga akuti nthawi zonse akafika ankayamba wafunsa ngati mipando ili bwino.

Sindinaphunzire kwambiri, ndinalekeza Sitandade 6, ndiye sindidziwa kuti anthu amene ankapereka thandizo lija anali kuti, kaya anali angati. Sanandionepo, sindinawaonepo. Koma m'mapemphero anga a m'mawa ali ndi malo awo, pamodzi ndi mayi wa bolopeni yofiira, amene akanatha kutseka kope lake n'kupita ali wokwiya, ndipo palibe akanamunena.

Mwana uja ndi namwino tsopano. Atangoyamba ntchito anandigulira mipando ya sofa itatu, ndipo anachita kusankha yobiriwira dala. Anthu a pamdadada amabwera kudzabwereka pakakhala chinkhoswe kapena akamayembekezera apongozi, ndipo sindikaniza, pakuti inenso ndinabwerekedwa. Kungoti ndisanatsegule chitseko ndimayamba ndafunsa kuti mlendoyo akudzatani. Akakhala wodzafunsira mbeta, ndimawonjezera ndi tinsalu toluka. Akakhala wobwera ndi kope, ndimawabwereka chidebe.