Chitseko cha malemu a Gondwe

Usiku watha ndinalota ndikugwira ntchito yanga yomwe ija ya masiku onse. Kwa amene simukudziwa, ine ndimayang'anira makompyuta ku ofesi kwathu, ndipo mwa zina ndimafufuza maakaunti a anthu amene anasiya kalekale kulowa pa netiweki, n'kuwatseka kuti wina asawagwiritse ntchito mwakuba.

Ndiye m'malotomo ndinalowa m'chipinda cha seva, koma makina munalibe. Munali kanjira kakatali ngati ka ku hositelo ya kusekondale, zitseko uku ndi uku, chilichonse chili ndi dzina la munthu. M'chiuno ndinali ndi mpukutu wa makiyi. Sindinadabwe n'komwe, ndinangoyambapo. Ndinkagogoda, ndikamva kuti kuli zii, fumbi lili mbuu pachogwirira, ndinkakhoma n'kupitirira. Cha Tadala, amene anatisiya n'kupita kusukulu kunja, ndinakhoma. Cha mayi Banda ndinachidumpha, poti ali patchuthi cha uchembere ndipo abweranso.

Kenako abwana anga anatulukira atakwera kabaza m'kanjira momwemo, akundiuza kuti ndifulumire. Ndinawayankha kuti ntchitoyi ndimaidziwa, asandithamangitse ndingakhomere munthu m'kati. Anangoliza belu la njingayo n'kumapita.

Ndiye ndinafika pachitseko cha a Gondwe. A Gondwe ankasunga katundu ku ofesi kwathu, anamwalira chaka chatha. Ndiwo anandilandira nditangoyamba ntchito, ndipo ankangonditchula kuti mwana wawo. Akaunti yawo ikadali yotsegula mpaka lero, chifukwa anzawo anapempha kuti ndidikire asamutse kaye mafayilo.

M'katimo munkayaka getsi, wina akutayipa. Ndinakankha chitseko. Pampando panali munthu wachilendo atavala jekete ya a Gondwe, akutumiza maimelo m'dzina lawo olamula kuti katundu atuluke pageti. Nkhope yake sinkaoneka bwino, ngati munthu amene ukumuonera pagalasi lonyowa. Nditamufunsa kumene anatenga pasiwedi, ankangoseka. Mantha ndinalibe ngakhale pang'ono. Ndinamugwira pakolala n'kumukokera panja, ndipo anali wopepuka ngati thumba la makoko a mtedza.

Kenako chipindacho chinasanduka depoti ya mabasi, dzuwa lili phwee, koma chitseko chija chili chiimire pakati pa anthu ogulitsa nthochi. A Gondwe eni ake anali pomwepo, chikwama chili m'manja, akuoneka athanzi kuposa mmene tinkawadziwira.

"Mwananga, khoma," anatero. "Ine muno ndinatulukamo kale."

Ndinawauza kuti sindifufuta dzina lawo, ndingotseka basi, lizionekabe. Anavomera ndi mutu, maso ali kumene kunkachokera basi. Ndinalowetsa kiyi, koma inkalimba. Ndinaigwira ndi manja onse awiri, ndipo itangoyamba kutembenuka, mwana wanga anandiponda pamimba ndi kaphazi kake, ine dzidzimu, kunja kutayera kale.

Za akauntiyo sindikufunsa munthu. Ndikangofika ku ofesi ndikaitseka, mafayilowo ndikawasamutsira ndekha. Chimene chandiimitsa mutu n'china. Kodi malemu akabwera kumaloto ali ndi chikwama, akudikira basi, amakhala akutsanzika kapena akuchenjeza? Nanga wa jekete uja, amene nkhope yake sindinaione, ndi maganizo a ntchito chabe kapena alipodi pakati pathu? Amene mumadziwa za maloto, tandimasulireni.