Kumene Khwani wa Lamduan Anatsalira

Mlamu wanga Lamduan anali mkazi wa pakamwa. Ankaluka mikeka kunsi kwa nyumba, ndipo akamakalipira nkhuku zake mumamumva muli kukachisi wa Chibuda. Zaka makumi atatu takhala mpanda umodzi tikukanganirana madzi a m'munda wa mpunga, koma ndisaname, ndinkamukonda.

Lole ya nzimbe inawagunda pokhota, iye ndi mwamuna wake, mchimwene wanga Thongsuk, ali pa njinga yamoto. Lamduan anangothyoka mkono. Thongsuk anagona masiku atatu kuchipatala cha kuboma, makina akumupumira, kenako anatisiya.

Titawotcha maliro, Lamduan anangoti zii. Dzuwa lili paliwombo ankaima pakati pa bwalo atapendeketsa mutu, ngati wina akumuitana patali. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti munthu akadzidzimuka kwambiri, khwani wake, mzimu wosunga thupi, amathawa n'kutsalira pamalo pomwepo.

Tinaitana mayi Buapha, odziwa kuvuula khwani. Anatenga kaukonde kogwirira tinsomba, anaikamo dzira lowiritsa, mpunga womata ndi nsalu ya Lamduan, tinapita pokhota paja. Ankakokolola udzu wa m'mbali mwa msewu akuitana, "Bwera khwani, usagone m'thengo, kwanu kuli mpunga." Kachitatu anaima. "Kalemera," anatero. Ndinasuzumira, munalibe chachilendo, koma kaukondeko kankakokera dzanja lawo pansi ndi kulemerako. Thupi langa linachita tsemwe.

Titabwerera kunyumba tinamumanga Lamduan ulusi woyera m'manja, ndipo m'mawa mwake analankhula. Anakhala pa mpando wa Thongsuk, atatambasula miyendo chachimuna, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Chule, chikwakwa changa waika kuti?" Dzina limenelo ankandiitana ndi mchimwene wanga yekha. Lamduan moyo wake wonse ankangoti alamu.

Mudzi wonse unati tavuula khwani wolakwika. Mayi Buapha anati iwo anatenga amene anamupeza. Amonke, ansembe a kukachisi kuja, anamuwaza Lamduan madzi, osasintha. Kuboma tinadikira tsiku lonse, dokotala anatiwona mphindi zisanu n'kutipatsa mapiritsi. Lamduan akamwa ankagona ngati chipika, koma akadzuka anali Thongsuk yemweyo.

Mwana wake Kanlaya anaimba foni kuchokera ku Bangkok. "Azakhali, mwezi ukatha ndidzawatenga. Ndizikawatsekera m'chipinda ndikamapita kuntchito."

"Munthu wa kumunda umutsekere m'kabokosi kako ka m'mwambako? Ukamuphe kumeneko?" Ndinadula foni ndi ukali, koma nzeru ina ndinalibe.

Lachitatu lililonse pachipatala chaching'ono cha m'mudzi mwathu pamabwera nesi Wilawan, woona za matenda a maganizo. Ndinkapazemba chifukwa anthu amati pamapita amisala. Koma masiku ankathamanga, ndiye ndinam'koka mlamu wanga. Nesiyo sanaseke ulusi wa m'manja, sanatsutsenso za khwani. Anangomufunsa, "Amayi, onse akuti khwani wanu anatsalira pamsewu. Nanga inuyo mukuti anakusiyani pati?" Tonsefe, ndi ukonde wathu ndi madzi athu, palibe amene anamufunsa mwini wake.

Lamduan sanayankhe tsiku limenelo, kapena Lachitatu lotsatira. Nesi sanamufulumize. Ankangokhala naye, nthawi zina osalankhula konse, ine ndikupsa mtima pakhonde kuti tikutaya nthawi. Lachitatu lachitatu anandiitana kuti ndilowe, poti Lamduan wandifuna. Mawu amene anatuluka anali ake enieni, osasa ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa.

"Si pamsewu ayi. Ndi pakhonde la chipatala. Adokotala anabwera ndi pepala, akuti mutu unafa kale, tizimitse makina? Ndinagwedeza mutu. Ndinamupha ndi mutu wangawu, alamu. Ndiye ndinati bola iye akhale m'thupi langa muno, ine ndichoke."

Nesi anamulola kulira mpaka anatopa, kenako anamufotokozera pang'onopang'ono zimene makina aja ankachita ndi zimene sakanatha. Anamuimbiranso Kanlaya, kuti amayi ake akufunika kukhala pomwe ali, azibwera Lachitatu lililonse. Kanlaya anavomera.

Tikubwerera, m'njira ya pakati pa minda, ndinaima. Ndinali ndi manyazi oopsa, koma ndinanena.

"Alamu, tsiku lija ndinawaona adokotala akubwera ndi pepala. Ndinadziwa chimene akudzafunsa. Ndinanama kuti ndikukagula madzi."

Lamduan anayenda pang'ono osacheuka.

"Ndinakuonani mukutuluka," anatero. "Lachitatu musakhalenso pakhonde. M'kati muja muli mpando wina."