Mandimu ndi Chifuwa cha ku Joni

Amayi anga anali ndi luso limodzi limene ankanyadira kuposa chilichonse. Akasenda mbatata ya kachewere yokagulitsa kwa anyamata okazinga tchipisi, ankafinyira mandimu m'madzi a m'beseni. Mbatata ya anzawo inkada dzuwa lisanafike pamutu, koma yawo inkakhala yoyera mbee mpaka madzulo. Mbatatayo ankaigula ku Tsangano, mandimu ankathyola kuseri kwa nyumba yathu ku Champiti, mu mtengo umene abambo anadzala atabwerako ku migodi ya ku Joni.

Ku Joniko abambo anabwerako ndi jekete, wailesi ndi chifuwa. Jekete inatha, wailesi inkalirabe, chifuwa ndiye chinkangokula. M'zaka zoyambirira za matipate, ine nditakwatiwa kale ku Mlangeni, chifuwacho chinafika poti abambo sankatha kufika kudimba osapumira panjira.

Tsoka linabwera ndi wailesi yomwe ija. Tsiku lina munthu wina wophunzira anafotokoza pa wailesipo kuti m'mandimu, m'malalanje ndi m'manachesi muli zinthu zoteteza thupi kuti lisamachite ngati dzimbiri mkati, ndipo zambiri zili m'makoko amene timataya. Munthuyo sananame, ndipo sananene kuti mandimu ndi mankhwala a chifuwa. Koma amayi anamva zawozawo. Anayang'ana beseni lawo la mbatata, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kuyambira pamenepo abambo anakhala mbatata ya amayi. M'mawa madzi a mandimu, masana makoko owiritsa, madzulo ankawatafunitsa ngakhale choyera chowawa chija cha mkati mwa khoko. Nyumba yonse inkanunkhira mandimu, ndi bulangete lomwe.

Ine mtima sunkakhala m'malo. Ndikagwira khasu ku Mlangeni, maganizo ali ku Champiti. Ndikafika ku Champiti, ndinkalephera ngakhale kukhala pamphasa. Ndinkasesa pabwalo posesedwa kale, kutsuka mbale zotsuka kale, khutu lili kuchipinda kumene abambo ankatsokomola. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti apite kuchipatala nthawi isanathe, ndipo chipatalacho sichinali kutali.

“Amayi, tiyeni tiwatengere kuchipatala abambowa,” ndinkatero.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Suona mbatata ija mmene imayerera?”

“Abambo si mbatata, amayi!”

“Nanga wailesi inanama?”

Pamenepo ndinkapsa mtima kwambiri. Ine kudekha ndinabadwa ndilibe, ndipo amayi ankadziwa. Tinkakangana motsitsa mawu kuseri kwa khitchini, kenako ine n'kuuyamba ulendo wobwerera ku Mlangeni osatsanzika bwino, mawa lake n'kubweranso.

Tsiku lina masana amayi atapita kumsika, ndinapeza abambo akuwothera dzuwa pansi pa mtengo wawo uja, jekete yakutha ili pamapewa, kapu ya makoko owiritsa ili pambali. Anali atawonda kwambiri. Ndinagwada pafupi n'kuwafunsa mosazungulira.

“Abambo, kodi inuyo mumakhulupirira kuti mandimuwa akuchizani?”

Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo ndinadikira mpaka chitawasiya.

“Mbatata ya amako imayera chifukwa amaifinyira isanade,” anatero. “Ine ndinada kalekale, pansi pa nthaka ku Joni. Anzanga amene tinkaboola nawo miyala anapita ndi chifuwa chomwechi.”

“Nanga mukumweranji zowawazi?”

“Amako aja manja awo sakhala chete. Ukawalanda mandimu, uwapatsa chiyani chogwira?”

Anatenga kapu ija n'kumwa yonse, nkhope ili tsinyaa. Ndinalira pamaso pawo, chinthu chimene sindinachitepo chikulireni. Ndinawapempha kuti ngati amamwa mandimu chifukwa cha amayi, apitenso kuchipatala chifukwa cha ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuvomera, koma anati mandimuwo tinyamule, amayi asaone ngati tawanyoza.

Tinapita m'mawa mwake, abambo pa njinga ya mlamu wanga, amayi m'mbuyo ndi botolo la madzi a mandimu lokulunga m'chitenje. Achipatala anatilandira bwino. Anati mandimu ndi abwino, azimwabe, koma mapapo anali atawonongeka kwambiri ndi fumbi la kumgodi. Anawapatsa mankhwala oti azipumako bwino. Amayi anangotola mawu oyamba aja, ndipo njira yonse yobwerera ankandikumbutsa kuti ngakhale adokotala avomereza. 

Abambo anatisiya chisanu cha chaka chomwecho chisanathe, mtengo wawo utabereka mpaka nthambi kugwa pansi.

Anthu atabalalika pamaliro, masiku atapitako, ndinabweranso ku Champiti kudzaona amayi. Ndinawapeza pakhonde akusenda mbatata, beseni lili pakati pa miyendo. Mbatata yonse inali itada bii. Mandimu anali mbwee pansi pa mtengo, ena ataola. Ndinatola awiri, ndinatenga mpeni, n'kugwada pafupi ndi beseni kuti ndifinyiremo.

Amayi anandigwira dzanja osandiyang'ana.

“Isiye ide,” anatero, n'kupitiriza kusenda.